Chifefe chowombera timbale chosapweteka phewa: cha gasi, cha sipuling'i, kapena cha salaula?

Mlamu wanga anawombera timbale, tija timaponyedwa m'mwamba ndi makina kuti munthu atiswe ndi mfuti, koyamba mu Ogasiti chaka chatha, pa famu ya mnzathu cha kunjira ya ku Chadiza, m'munda umene chimanga chinali chitakololedwa kale. Mfuti inali chifefe cha amalume cha mpope umodzi, chopepuka ngati mpini wa khasu, eni ake atakhala pampando pomwepo. Makatiriji anali osakira nkhanga, a magalamu 32. Kambale koyamba anakaswa pakati, phwa. Kachiwiri anakapala m'mphepete. Pofika kakhumi ndinaona chimene ndinkaopa: chala chisanakoke n'komwe, maso anali atatsinzina kale, tsaya litachoka pamtengo wa mfuti, phewa likuthawira kumbuyo. M'mawa mwake anandionetsa phewa litada bii, nati, "Alamu, masewera anuwa ndi a anthu a mafupa achitsulo." Komatu munthuyu si wofooka. Thumba la feteleza la makilogalamu 50 amalitsitsa m'galimoto yekha. Mfutiyo ndi katirijiyo ndizo sizinali za ntchito imeneyi.

Wosaka nkhanga amawombera kawiri kapena katatu tsiku lonse, ndipo mtima ukakhala pa nyama, kukankha kwa mfuti sakumva. Wa timbale ndi wina. Ulendo umodzi ndi timbale 25, ndipo Loweruka labwino munthu amapita maulendo anayi dzuwa lisanafike pamutu. Kumenyedwa paphewa ka 100 m'mawa umodzi kumaphunzitsa thupi mantha, ndipo mantha akalowa m'chala satuluka msanga. Kambale kenikeniko n'kakang'ono, mamilimita 110 kukula kwake, kulemera magalamu 105 okha. Timati n'kadothi, koma amakaumba ndi phula losakaniza ndi ufa wa mwala wa laimu. Machaka atatu kapena anayi akakakhudza, kasweka. Sikafuna mfuti yogwetsa nguluwe. Kamafuna diso losaphethira ndi mutu wokhazikika, ndipo ziwirizi munthu amakhala nazo pokhapokha mfuti ikakhala yosamupweteka.

Chifefe chimene ndikukamba pano ndi chija timati semi-auto. Ukawombera, chimalavula chokha chigoba cha katiriji n'kulowetsa katiriji wina. Kukoka chala kamodzi ndi kuwomba kamodzi basi, si mfuti ya asilikali ayi. Pa mipikisano ikuluikulu ambiri amagwira zifefe za mipope iwiri yosanjikizana, koma zabwino zake n'zodula kwambiri, ndipo mphamvu yonse yobwerera imathera paphewa nthawi imodzi. Kwa munthu wa thumba losazama amene akufuna phewa lamtendere, semi-auto ndiye njira.

Tisanafike pa mayina a makampani, pali masamu pang'ono amene wogulitsa mfuti sangathamangire kukuuzani, chifukwa sagulitsa mfuti. Liwiro la machaka likakhala lofanana, mphamvu imene mfuti imabwerera nayo imatsata kulemera kwa machakawo kochulukitsidwa ndi kulemera komweko. Tsono mukatsika kuchoka pa magalamu 32 kufika pa 28, kukankha kumachepa pafupifupi ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Mukatsikanso kufika pa 24, kumachepanso motero. Kuchoka pa 32 kufika pa 24 ndiye kuti mwachotsa pafupifupi theka la nkhonya yonse, mfuti ili yomweyo. Kulemera kwa mfuti nako kumathandiza, ngakhale pang'ono: ya makilogalamu 3.6 imakankha mochepa ndi gawo limodzi mwa asanu ndi limodzi poyerekeza ndi ya makilogalamu 3.0. Ndipo musaganize kuti magalamu 24 ndi a ana. Ku Olympics, pa mipikisano ya timbale yotchedwa trap ndi skeet, ndiwo mulingo wololedwa, ndipo pa mipikisano ya sporting ya malamulo a FITASC, bungwe la padziko lonse la masewerawa, sapitirira 28. Mlamu wanga uja anali ndi mfuti yopepuka koposa ndi katiriji wolemera koposa. Zoipa ziwiri zinakumana paphewa limodzi.

Ma semi-auto a masiku ano amayenda m'njira ziwiri, ndipo kusankha kwenikweni kuli pamenepa.

Njira yoyamba ndi ya gasi. Pansi pa mpope, cha pakati, pali timabowo ting'onoting'ono. Wonga ukapsa, mpweya wina wotentha umapatukira m'timabowomo n'kukankha pisitoni, pisitoniyo n'kukankhira kumbuyo bolt, chitsulo chotsekera katiriji mu mpope. Sikuti gasiyo amafafaniza mphamvu yobwerera. Chimene amachita ndi kuitambasula, kuti ifike paphewa pang'onopang'ono m'malo mofika yonse pakamodzi. Amene anaimapo pa sikafodi n'kuwakha njerwa zoponyedwa kuchokera pansi akudziwa kusiyanaku. Ukawakha ndi manja ouma gwa, njerwa imaluma. Ukaitsata ndi manja pang'ono, njerwa yomweyo imangokhala m'manja bwinobwino. Kuwonjezera apo, pisitoni ndi zitsulo zake zimakhala kutsogolo, zimalemeretsa mfuti pamalo abwino, ndipo mfuti yolemera kutsogolo imatsata kambale mosadumphadumpha.

Njira yachiwiri ndi imene azungu amati inertia, ife ena timangoti ya sipuling'i. Inatchuka ndi Benelli ya ku Urbino, m'dziko la Italy, kuchokera pa nzeru za Bruno Civolani m'zaka za m'ma 1960. Mulibe timabowo kapena pisitoni. M'kati mwa bolt muli sipuling'i yaifupi yolimba kwambiri. Mfuti ikadumphira kumbuyo, chitsulo cholemera cha bolt chimatsalira kamphindi, n'kufinya sipuling'iyo, ndipo ikadzitambasula imaponyera bolt kumbuyo. Ndi nzeru yokongola, ndipo mfutiyo imakhala yaukhondo chifukwa utsi wonse umatulukira kukamwa kwa mpope. Koma taonani pagona nkhani: kuti igwire ntchito, iyenera kukankha. Chimene ife tikuthawa ndicho chakudya chake. Mukaipatsa katiriji wopepuka kwambiri, nthawi zina imalephera kulavula chigoba. Ndiponso mfuti zotere zimakhala zopepuka, zomwe n'zabwino kwa mlenje woyenda tsiku lonse m'madambo, koma kwa woimirira malo amodzi n'kuwombera ka 100, kupepukako kumalipiridwa ndi phewa.

Ndikudziwa chimene anzanga a ku Mambwe ndi ku Mfuwe anganene, chifukwa anandiuza kale pamaso: kuno n'kwa fumbi, Seputembala ndi Okutobala fumbi limalowa ndi m'mano momwe, ndipo mfuti ya gasi imadana ndi litsiro. N'zoona. Walira mvula walira matope. Ukafuna phewa lamtendere uvomere mwaye. Koma ntchitoyo si yaikulu monga amaikulitsira. Ine ndimayala thumba lopanda kanthu pakhonde, n'kutsimikiza kawiri kuti mfuti mulibe kanthu, kumasula chotsekera cha kutsogolo, kusolola chogwirira ndi mpope, ndipo pisitoni imagwera m'dzanja ili bii ngati kunsi kwa mphika. Mswachi wakale, mankhwala osungunula mwaye, kansanza, ndi kawaya kofewa kotokosera timabowo tija. Mphindi makumi awiri zatha. Chimene chimapha mfuti ya gasi kuno si fumbi lokha, koma mafuta ochuluka. Munthu amathira oyilo pa pisitoni poganiza kuti akuisamala, fumbi ndi mwaye n'kukumana ndi mafutawo n'kupanga phala lomata. Pisitoni imafuna kukhala youma. Kadontho ka mafuta kapite pa njanji zimene bolt imayendapo, basi. Amene akufuna mfuti imodzi yosakira kawirikawiri n'kumawombera timbale mwa apo ndi apo, Franchi Affinity kapena Stoeger M3000 zimuyenera. Zonsezi ndi za sipuling'i, za banja limodzi ndi Benelli pansi pa Beretta Holding, ndipo Stoeger, yopangidwa ku Turkey, ndiyo yotsika mtengo. Koma ngati timbale ndiye cholinga, ine sindingamutumize kumeneko.

Pakati pa za gasi, imene ndimaitchula poyamba ndi Beretta A300. Kampaniyi ndi ya ku Gardone Val Trompia, ndipo mbiri yake imayambira mu 1526. A300 Outlander inatuluka mu 2012 ngati mphwake wotsika mtengo wa AL391 yotchuka ija, ndipo A300 Ultima inatsatira mu 2021 ili ndi chida chimene amati Kick-Off m'thako lake, chomwe chimameza mbali ya nkhonya isanafike paphewa. Chimene ndimaikondera n'chakuti njira yake ya gasi inayesedwa kale zaka zambiri pa mabwalo a timbale, ndipo imadya makatiriji opepuka ndi olemera omwe popanda kusintha kanthu. Machoki ake, timapaipi tolowetsa kukamwa kwa mpope tochepetsa kumwazika kwa machaka, ndi a mtundu wa Mobilchoke, wakale komanso wofala, osavuta kuwapeza. Chinanso chimene anthu amachinyoza koma n'chachikulu: imabwera ndi tizidutswa toika pakati pa thupi la mfuti ndi mtengo wake, totsitsa, tokweza kapena topendeketsa thako pang'ono kuti diso lanu likhale pamzere. Kwa ife amene tilibe mmisiri wa mfuti pafupi, kutha kukonza zimenezi ndi sipanala pakhonde ndi mwayi waukulu. Mkulu wake, A400 Xcel, anapangidwira timbale penipeni ndipo n'njofewa kuposa pamenepa, koma mtengo wake watuluka kale mu nkhani yathu.

Winchester SX4 ili pafupi kwambiri kumbuyo kwake, ndipo ena angaiike patsogolo. Inatuluka mu 2017, imapangidwa ku Portugal pa fakitale ya Browning, ndipo pisitoni yake, imene amati Active Valve, imadzitulutsira yokha gasi wopitirira mulingo. Mphira wa kuthako kwake n'ngwabwino, mabatani ake n'ngaakulu osavuta kugwira, ndipo machoki ndi a Invector-Plus, omwenso amalowa m'zifefe zambiri za Browning. Imakonda kukhala yopepukirapo, cha m'ma kilogalamu 3.2, ndiye pa timbale ndingasankhe ya mtengo weniweni kapena ya mpope wautaliko kuti ilemereko. Zowonjezera zimene imabwera nazo ndi zotalikitsa thako, osati zolipendeketsa, choncho muinyamule kaye paphewa musanalipire. Ikakukwanani momwe ilili, simudzadandaula. Mossberg 930 ndi mphwake 940 Pro wa mu 2020 ndi za ku America, zolemerako, zofewa ndithu. Ngati wogulitsa ali nazo pamodzi ndi zida zake zosinthira, muziyang'ane.

Kenako pali za ku Turkey, zomwe mwina ndi zimene ambiri a ife tingakwanitse lero lino. Hatsan ya ku Izmir ili ndi Escort, Armsan ili ndi A612, ATA nayo ili ndi zake. Musazinyoze chifukwa cha dziko. Mafakitale omwewa amapangira makampani a mayina akuluakulu: Weatherby SA-08 ndi ya ATA, ndipo TriStar Viper G2 ndi ya Armsan. SA-08 ili ndi mwambo umene ndimaukonda, wobwera ndi mapisitoni awiri, ina ya makatiriji opepuka ina ya olemera, munthu n'kumasintha yekha. Chofunika kudziwa n'chakuti mfuti zotsika mtengo zambiri, za dziko lililonse, amazipanga poganizira mlenje amene amawombera mabokosi ochepa pachaka. Wa timbale amatha m'miyezi iwiri zimene mlenje amatha m'zaka zisanu. Ngati mudzawombera kamodzi pamwezi, maulendo awiri, ya ku Turkey ya gasi ikwanira ndipo ndalama yotsala mugulire makatiriji. Ngati mukudziwa kuti matendawa akugwirani ndipo Loweruka lililonse mudzakhala kumunda, dikirani miyezi ingapo muwonjezere ndalama.

Njira yotsiriza ndi salaula, mfuti yogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo pano ndichedwapo chifukwa chuma chimabisala m'makabati a mafamu akale. Remington 1100 inatuluka mu 1963, ndipo kufikira lero ndi imodzi mwa zifefe zofewa koposa zimene munthu angaike paphewa. Thupi lake ndi lachitsulo chenicheni, osati aluminiyamu, ndiye imalemera cha m'ma kilogalamu 3.6. Gasi ndi kulemera zikagwirizana chonchi, kuwomba kumamveka ngati munthu wakukankha ndi chikhatho, osati nkhonya. Zinapangidwa mamiliyoni, ndipo ngakhale kampani ya Remington inagwa n'kugulitsidwa zidutswazidutswa mu 2020, zida zake zosinthira zikadali zambiri padziko. Moyo wake wagona pa kamphira kozungulira ngati mphete, O-ring, kamene kamatseka gasi kuti asathawe. Kakang'ambika, mfuti imasanduka ya katiriji mmodzi. N'kotsika mtengo, ndipo mwini 1100 wanzeru amasunga tiwiri titatu m'kabotolo. Pali misampha iwiri. Yakale kwambiri imakhala ndi choki chosachotsa, ndipo chikakhala full, chothina kwambiri, timbale tapafupi tidzakuvutani. Ndiponso ya Magnum, ya makatiriji aatali mamilimita 76, inapangidwira makatiriji olemera ndipo opepuka simawakonda. Funani ya mamilimita 70. Beretta A303, AL390 kapena AL391 ya salaula yosamalidwa bwino ndi mphatso inanso, mukaipeza musazengereze. Mukakumana ndi Browning Auto-5 yakale ija ya linunda kumbuyo, ilemekezeni, koma dziwani kuti mpope wake wonse umabwerera m'mbuyo n'kubwereranso kutsogolo powombera, ndipo si yofewa ngati ya gasi.

Mfuti ya salaula saigula ndi makutu. Chotsani mpope muuloze kuwala, muone ngati m'kati muli timaenje ta dzimbiri. Yendetsani zala kunja kwake, pang'onopang'ono, kufuna potupa kapena pophwanyika. Kapaipi kosungira makatiriji, kamene pisitoni imatsetserekapo, kakhale kosalala. Yang'anani ming'alu pamtengo, makamaka pamene wakumana ndi chitsulo. Ndipo mwini wake akuonetseni ikuwomba ndi katiriji amene inu mudzagwiritse ntchito, osati wolemera amene wasankha yekha, chifukwa ndi katiriji wa magalamu 36 ngakhale mfuti yodwala imaoneka yamoyo.

Semi-auto yanga yoyamba inandiphunzitsa china chimene sichilembedwa pa bokosi. Kambedza kokoka chigoba kanathyoka pakati pa chilimwe, kachitsulo kochepa kuposa chikhadabo. Kuchokera ku Chipata kukafika ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 570 pa Great East Road, kudutsa Katete, Petauke, Nyimba ndi mlatho wa Luangwa, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi. Nditafika, kachitsuloko kunalibe, ndipo kanayenera kuitanitsidwa kunja. Mfuti inagona m'sefa mpaka mvula inagwa, minda n'kudzala chimanga, malo owomberapo n'kutha. Kuyambira pamenepo funso langa loyamba kwa wogulitsa silikhala la mtengo. Ndimati, "Bambo, tatsegulani kabati mundionetse: kambedza, singano yomenya katiriji, ma O-ring ndi sipuling'i yobwezera bolt za mfuti imeneyi muli nazo?" Akayamba kukanda kumutu, mfutiyo si yotsika mtengo, ngakhale pepala la mtengo litanena chiyani.

Ena amaganiza kuti yankho la phewa ndi 20 geji, mfuti ya mpope wopapatirako kuposa ya 12 geji, makamaka pogulira amayi akunyumba kapena wachinyamata. Chenjerani. Mfuti ya 20 imakhala yopepuka, ndipo mukaipatsa magalamu 28 imakankha kuposa ya 12 yodya magalamu omwewo. Imathandiza pokhapokha vuto likakhala kulemera kwa mfuti m'manja. Makatiriji a 12 ndiwo ofala kulikonse. Ndipo ngati m'nyumba muli mitundu iwiriyi, musaisakanize m'thumba limodzi ngakhale tsiku limodzi. Katiriji wa 20, amene nthawi zambiri amakhala wachikasu, akalowa mu mfuti ya 12 amatsetsereka n'kukakamira m'kati mwa mpope osaoneka, munthu n'kulowetsa wa 12 pambuyo pake. Mpope umaphulika m'manja.

Mfuti yosakukwana imapweteka ngakhale itakhala ya gasi. Muyeso wake ndi wosavuta. Mfuti ili yopanda kanthu, tsinzinani, muikweze patsaya ndi paphewa monga mukuwombera, kenako tsegulani maso. Diso likhale pakatikati pa kamzere ka pamwamba pa mpope, likuona mzerewo pang'ono chabe. Mukaona kumbuyo kwa chitsulo, thako latsika kwambiri ndipo mudzayamba kudzutsa mutu, mtengo n'kumakumenyani tsaya. Pakati pa mphuno ndi chala chachikulu pakhale mpata wa zala ziwiri kapena zitatu. Zifefe zambiri zimabwera ndi thako la masentimita pafupifupi 36 kuchokera pokokera chala, zomwe zimatalikira anthu afupiafupi, ndipo thako lalitali limatsetserekera pamkono, pomwe palibe mnofu woteteza. Mabala ambiri amene ndaona ali pamkono, osati paphewa. Za mpope musavutike nazo: masentimita 71 akwanira zonse, chifukwa thupi la semi-auto ndi lalitali kale. Choki cha kota ndi cha theka, zosathina kwambiri, ndi zokhazo mudzagwiritsa ntchito masiku ambiri, ndi machaka a nambala 7½ kapena 8. Musalipire zambiri chifukwa cha mfuti yolandira makatiriji a mamilimita 89. Imeneyo ndi ya atsekwe, ndipo kambale sikaifuna.

Tsono kunena mosabisa, ndikanakhala kuti ndikugula lero ndi ndalama yotuluka thukuta, ndikanatenga Beretta A300 ya 12 geji, mpope wa masentimita 71. SX4 ndikanaitenga ikadandikwana bwino paphewa kuposa Beretta, kapena wogulitsa akadakhala ndi zida zake osati za inayo. 1100 kapena AL391 ya salaula yoyera m'kati, ya mapepala olongosoka, ndikanaiika patsogolo pa yatsopano iliyonse yotsika mtengo. Ya ku Turkey ndikanaitenga ndi mtima woyera ndikadadziwa kuti ndidzawombera pang'ono.

Musanasangalale ndi mtengo wa mfuti, chitani masamu awa. Timbale 100 pa Loweruka, kawiri pamwezi, ndi makatiriji 2,400 pachaka. Bokosi limakhala ndi 25, ndiye kuti mabokosi 96. Funsani mtengo wa bokosi limodzi, muchulukitse ndi 96, muwonjezere timbale tomwe ndi mafuta a galimoto. Mudzaona kuti kusiyana kwa mtengo pakati pa mfuti yabwino ndi yongoyerekeza n'kochepa poyerekeza ndi zimene mfutiyo idzadya pa zaka zochepa. Funsaninso ngati makatiriji a magalamu 24 kapena 28 amapezeka nthawi zonse, chifukwa masitolo amatsata alenje, ndipo alenje amafuna olemera. Ife timasonkherana n'kugula pamodzi wina akapita ku Lusaka, aliyense monga mwa laisensi yake. Mfuti yatsopano nthawi zina imafuna mabokosi angapo a magalamu 28 kapena 32 kuti zitsulo zizolowerane isanayambe kulandira 24 mosavuta, choncho musaiweruze tsiku loyamba.

Za boma zibwere ndalama isanatuluke m'thumba. Mfuti m'Zambia zimayendetsedwa ndi Firearms Act, mutu 110 wa malamulo a dziko lino, ndipo popanda laisensi simungasunge mfuti kapena makatiriji. Safunsa anadya phula: pitani kupolisi, muwauze mtundu weniweni wa chifefe chimene mukufuna, kuti ndi semi-auto, ndi cholinga chanu, mufunsenso kuchuluka kwa makatiriji amene mungasunge nthawi imodzi, popeza wa timbale amadya ambiri. Mfuti ya malemu atate kapena amalume simangolowa m'manja mwa mwana ngati njinga. Iyenera kudutsa kupolisi. Malire a Mwami, olowera ku Malawi, ali pafupi, ndipo pamapezeka anthu onong'oneza za mfuti yotchipa yopanda mapepala. Imeneyo ndi ndende, osati mwayi. Laisensi ya mfuti sikupatsaninso ufulu wosaka. Za nyama zili ndi chilolezo chake ku Department of National Parks and Wildlife. Kunyumba mfuti igone m'sefa yachitsulo yokhoma, makatiriji pena.

Semi-auto ili ndi vuto limodzi pakati pa anthu. Chifefe cha mipope iwiri ukachithyola pakati, aliyense amaona kuti mulibe kanthu. Ichi sichithyoka. Choncho bolt ikhale yotsegula nthawi zonse pamene simuli pamalo owombera, kukamwa kwa mpope kuloze kumwamba kapena pansi, ndipo kansalu kofiira kolowetsa potsegukapo kamachotsa nkhawa ya anzanu. Makatiriji awiri okha, ndipo alowe mutaima kale pamalo panu. Chigoba chimalumphira kudzanja lamanja, ndiye woima mbali imeneyo atalikire. Magalasi ndi zotseka m'makutu n'za aliyense, ndi woponya timbale yemwe, chifukwa khutu likafa silidzuka. Minda yathu ilibe mipanda yeniyeni. Njira zachidule zimadutsa paliponse, abusa amalondola ng'ombe m'mapesi, amayi amatola nkhuni m'mphepete. Kutsogolo kwa owombera pakhale mamita 300 opanda nyumba, njira kapena dimba, ndipo munthu mmodzi ntchito yake ikhale kuyang'ana kumeneko basi, ali ndi mphamvu yoimitsa aliyense. Amfumu a mudzi woyandikana auzidwe tsiku lisanafike. Pomaliza tolani zigoba ndi timapulasitiki ta m'makatiriji, chifukwa ng'ombe zimameza.

Mlamu uja anabwerera mu Okutobala, titamunyengerera milungu isanu ndi umodzi. Mnzathu mwini famu anamuimika pambali pake ndi chifefe chake cha gasi, cholemerako, atachotsa chidutswa chimodzi kuthako kuti chifupike, ndi katiriji wa magalamu 24. Timbale tisanu toyamba anatiphonya tonse, chifukwa thupi linali likudikirabe nkhonya ya chifefe cha amalume, ndipo maso ankatsinzina okha. Cha pa kachisanu ndi chiwiri ndinaona tsaya litakhala pamtengo mpaka chigoba chitagwa pansi. Ulendo umenewo anaswa 11 mwa 25, wachiwiri 15. Tikukweza makina oponyera timbale m'galimoto, anatola chigoba chimodzi, n'kuwerenga manambala apambali pake, nati, "Alamu, kupolisi kuja mumati ndikayambire ofesi iti?"